Kuchoka pa Bree kukafika pa mathithi: malangizo kwa wofuna kuyamba kukwera mapiri ku Joni

Ine ndinakulira m'tsinde mwa phiri la Mulanje, cha ku Likhubula, ndipo kwathu munthu sapita kuphiri popanda chifukwa. Timapitako kukatola nkhuni, kukamweta udzu, kukazula bowa, kapena kukanyamulira alendo katundu. Nditafika kuno ku Joni ndinatha zaka zitatu ndisanaponde dothi lina lililonse kupatula la m'munda wa abwana amene ndimawasamalira maluwa. Tsiku lopuma linkathera pa kuchapa, kutchalitchi, kenako kugona chagada m'kachipinda n'kumamvera wailesi ya khomo loyandikana nalo. Anandizula m'menemo ndi alamu anga, amene Loweruka lina anangoti, "Alamu, valani nsapato tikaone madzi akugwa." Ndinaseka, poti mapiri a ku Joni amene ndinkawadziwa inali milu yachikasu ija ya dothi la m'migodi.

Mapiri ndi mathithi aliko, ena pamtunda wa takisi imodzi. Miyendo ife Amalawi tili nayo kale, palibe wotiphunzitsa kukwera chitunda. Chimene chimatipweteka kuno n'chakuti nzeru za kuphiri zimene tinabwera nazo zimagwira theka lokha. Mvula ya kuno ili ndi wotchi yake, phiri la kuno lili ndi mwini wake, ndipo mtsinje wa kuno sumwedwa. Malangizowa ndi a munthu amene ali ndi tsiku limodzi lopuma pa sabata ndi marandi ochepa m'thumba.

Yambani ndi malo apafupi ndi kumene mumagona

Ulendo woyamba usadalire galimoto ya munthu wina. Ngati mumakhala kumadzulo, ku Cosmo City, Honeydew, Zandspruit kapena Roodepoort, yambani ndi Walter Sisulu National Botanical Garden, kumapeto kwa Malcolm Road. Wochokera m'tauni akwere takisi pa renki ya Bree yolowera ku Roodepoort, ndipo kachigawo kotsalako musonkherane Bolt kapena Uber, chifukwa matakisi safika pachipata penipeni. Ndi munda wa boma wosungiramo zomera, unakhazikitsidwa mu 1982, ndipo dzina la Sisulu unalilandira mu 2004, mkuluyo atamwalira chaka chimodzi m'mbuyo mwake. Kumapeto kwa mundawo kuli mathithi a Witpoortjie, kumene madzi amagwa mamita pafupifupi 70 pathanthwe lofiira. A ku Livingstonia adzati Manchewe ndi aatali kuposa amenewa, ndipo sakunama. Kungoti ku Manchewe simungapite Loweruka n'kudzapezeka pantchito Lolemba.

Njira yokafika m'munsi mwa mathithiwo ndi yosalala, ana ndi agogo omwe amayenda bwinobwino. Ntchito imayamba mukatenga kanjira ka pambali kokwera pamwamba. N'kakafupi koma n'koimirira, ndipo pamenepo ndi pamene mudzadziwire kuti zaka za chipisi ndi kota, buledi uja wopakiramo chipisi, zakuchitani zotani. Musadabwe ndi befu. Joni ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamwamba kuposa Lilongwe ndi Blantyre, ndiye wongofika kumene kuchokera ku Nsanje kapena ku Mangochi mpweya umamuchepera masiku oyamba.

Mukafika pamathithi kwezani maso. Pathanthwelo pamakhala ziwombankhanga zakuda ziwiri, yaimuna ndi yaikazi, zokhala ndi mzere woyera kumsana, ndipo chisa chake chili pomwepo. Zimaswa nyengo yozizira. Zimaikira mazira awiri, koma mwana woyamba kuswa amajompha mnzakeyo mpaka kumupha, moti amakula ndi mmodzi. Ndiwo yake yeniyeni ndi mbira za m'matanthwe. Ine ndinakhala pansi pa udzu ola lathunthu ndikuzipenya, ndinaiwala n'kujambula komwe.

A kumwera, a ku Rosettenville ndi Turffontein, muli ndi mwayi chifukwa Klipriviersberg Nature Reserve ili pakhomo panu. Zipata zake zili ku Kibler Park ndi ku Mondeor. Mathithi kulibe, koma kuli zitunda zenizeni, mbidzi ndi nyumbu zikudya udzu, komanso mabwinja a mipanda yamiyala ya midzi ya Atswana akale. Ukaima pamwamba umaona nsanja za m'tauni cha kumpoto, n'kumadabwa kuti phokoso lonse lija lapita kuti.

A ku Yeoville, Berea ndi Hillbrow, tsikirani ku The Wilds ku Houghton. Ndi kamalo kakang'ono, kabwino poyesera nsapato. Kwa zaka zambiri anthu ankakaopa, mpaka katswiri wa zojambulajambula James Delaney pamodzi ndi anthu odzipereka anayamba kukalambula ndi kupachika akadzidzi achitsulo m'mitengo. Achemwali ena a m'gulu lathu ataona akadzidziwo anafuna kubwerera. Tinachita kuwagogodera chitsulocho kuti amve kulira kwake.

Kulinso Melville Koppies, pafupi ndi Emmarentia. Chigawo chake chapakati chimatsegulidwa Lamulungu m'mawa, ndipo muli ng'anjo yakale yosungunuliramo chitsulo imene katswiri wofukula zakale Revil Mason anafukula mu 1963. Aliyense amene agogo ake anamufotokozerapo za ng'anjo za kwathu akaone imeneyi. Chigawo chakumadzulo n'chimene mipingo ya zovala zoyera imapempherako m'mabwalo ake. Mukadutsa pamenepo lambalalani mwaulemu, ndipo musawaloze ndi foni.

Kenako sankhani tsiku, koma makamaka ola

Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene ine ndinapsa.

Kuyambira Okutobala mpaka Malichi, tsiku la ku Joni limayenda motere: m'mawa kumwamba kuli mbee, masana mitambo yoyera iyamba kutukumuka ngati thonje, ndipo chakumadzulo, nthawi zambiri kuyambira 2 koloko kupita m'tsogolo, kumada bii, mabingu n'kuyamba. Kwathu mvula imatha kukupatsa mpata. Chiperoni chimabwera pang'onopang'ono, umachiona chikutsika phiri. Ya kuno imasonkhana pamutu pako pomwepo, ndipo imabwera ndi mphenzi zambiri, nthawi zina ndi matalala aakulu ngati mazira a nkhunda.

Chaka china mu Novembala tinapangana zopita ku mapiri a Magaliesberg. Tinati tinyamuke 6 koloko. Mwini galimoto anafika 9 koloko, poti anayamba wakasiya akazi awo ku Mayfair. Tinagulanso nkhuku panjira. Phiri tinaliyamba 11 koloko, dzuwa lili paliwombo, tikuseka. Itakwana 3 koloko tinali pamsana pa phiri, popanda mtengo popanda nyumba, ndipo mphenzi inang'anima pafupi moti tinamva fungo lake. Matalala anatikwapula m'makutu, mnzathu wina anataya nsapato imodzi, ndipo tinatsika chokhala pansi pamiyala yoterera. Palibe anavulala, koma m'galimoto pobwerera munali zii mpaka ku Lanseria.

Chichokereni tsiku limenelo lamulo lathu n'lakuti nyengo ya mvula phazi loyamba liponde njira pofika 7 koloko, kapena chipata chikangotsegulidwa, ndipo 12 koloko izitipeza tikutsika. Panganani ola lobwerera musanayambe kukwera, ndipo likakwana tembenukani ngakhale nsonga ikuoneka pafupi. Wochedwa kufika pokumanirana asiyidwe. Zimawawa kamodzi kokha, ulendo wotsatira amafika woyamba.

Mukaona kung'anima, werengani masekondi mpaka mumve bingu. Masekondi atatu alionse ndi kilomita imodzi. Mukawerenga osafika 30, mphenziyo ili pafupi mokwanira kukupezani. Chokani pansonga ndi pamsana pa phiri, tsikirani kumunsi, talikirani mtengo woima paokha, mpanda wa waya ndi madzi. Kaphanga kosaya sikoteteza. Ngati palibe kothawira, musaunjikane pamodzi ngati anapiye: balalikani motalikirana, kuti wina akagwa ena athe kumuthandiza. Munthu womenyedwa ndi mphenzi sasunga magetsi m'thupi, mugwireni msanga ndipo muitane thandizo. Pobisala pabwino ndi m'nyumba yeniyeni kapena m'galimoto yotseka mawindo, ndipo mudikire mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza. Za mphenzi yochita kutumizidwa tikakambirana kumudzi. Ya kuno imangofuna chinthu chimene chatalika kuposa zinzake, ndipo pamsana pa phiri chinthucho ndinu.

Nyengo yozizira, Meyi mpaka Ogasiti, ndi yofatsa kwa woyamba kumene. Mvula kulibe, njoka siziyendayenda kwambiri, kumwamba kumakhala koyera tsiku lonse. Vuto lake madzi a pamathithi amachepa, m'mawa chisanu chimaluma zala, ndipo udzu wouma umayaka ngati palafini. Mukaona utsi kumbali imene kukuchokera mphepo, musayese kuuthawa pokwera phiri, poti moto umathamanga kwambiri pachikweza. Pitani pamsewu, pathanthwe lopanda udzu, kapena palupsa pamene papsa kale. Kwa ine miyezi yokoma ndi Epulo ndi Meyi: madzi akadalipo, mabingu achepa.

Pezani anzanu, osachepera anayi

Kuyenda wekha m'zitunda za kuno n'kudziika m'kamwa mwa atsotsi, makamaka m'malo opanda mpanda ndi alonda. Anayi ndi chiwerengero chabwino: wina akathyoka mwendo, mmodzi amatsala naye, awiri amakaitana thandizo. Uzani munthu wotsala kunyumba dzina la malo ndi ola limene mubwere, ndipo mutumizireni pa WhatsApp chizindikiro chosonyeza pamene muli. Mphete, tcheni ndi ndalama za lendi zitsale. Achifwamba akakuimitsani apatseni foni, musalimbane nawo.

Ngati simudziwa aliyense wokonda zimenezi, kuli Johannesburg Hiking Club, ndipo pa Facebook pali magulu ambiri oyenda Loweruka ndi Lamulungu. Kuyenda kawiri katatu ndi anthu odziwa njira kumakuphunzitsa zambiri kuposa malangizo anga onsewa.

Longedzani usiku, osati m'mawa

Musathamangire kusitolo ya zovala za kumapiri, mitengo yake ingakubwezeni. Nsapato zothamangira zokhala ndi mano kunsi, zimene munazizolowera kale, zikwana pa maulendo onse a m'tauni. Nsapato yatsopano pa tsiku la ulendo imabala matuza, ndipo patapata ndi nsapato za kutchalitchi zitsale. Valani thalauza lalitali ndi sokosi zazitali, chifukwa chake ndinena kutsogoloku. Amayi, chitenje chinyamuleni chokhalira ndi chofunda, koma pokwera matanthwe chimakola miyendo.

M'chikwama chobereka muikemo madzi malita awiri pa munthu aliyense, atatu ngati kukutentha. Mpweya wa kuno ndi wouma, thukuta limauma usanalione, ndiye umangozindikira mutu wayamba kuwawa. Chipewa n'chofunika ngakhale kwa ife akhungu lakuda, dzuwa la pamtunda ngati uno silisankha. Juzi ndi renikoti zilowemo ngakhale kunja kuli ngwee. Ngati renikoti mulibe, jumbo yakuda yaikulu ya zinyalala yoboola pamutu imagwira ntchito. Onjezani pulasitala, bandeji, tochi yaing'ono, ndi foni yodzaza moto.

Kamba akhale wa kwathu: mbatata yophika, mazira owiritsa, mtedza wokazinga, nthochi, buledi wopaka chiponde. Nsima ndi nkhuku zidikire pobwera, poti mimba yodzaza sikwera phiri. Mowa nawonso udikire. Sipika ya nyimbo itsale kunyumba, ndipo apa ndikunena abale anga enieni. Anthu amalipira pachipata kuti amve madzi ndi mbalame.

Pasipoti ndi mapepala anu muziike mu jumbo yosalowa madzi, mkati mwa chikwama. M'misewu yotuluka m'tauni mumakhala apolisi, ndipo malo ena osungirako zachilengedwe amalipiritsa mosiyana nzika za dziko lino, anthu a m'maiko a SADC ndi ochokera kutali, choncho pasipoti ya Malawi ikhoza kukuchepetserani mtengo. M'foni sungani 112, nambala yangozi imene imalowa pa foni ya m'manja iliyonse, 10111 ya apolisi, ndi 10177 ya ambulansi.

Pachipata, ndi nkhani ya mpanda

Kwathu phiri ndi la Mulungu ndi amfumu, ukhoza kulikwera mbali iliyonse. Kuno pafupifupi chitunda chilichonse chili m'munda wa munthu, wa kampani kapena wa boma. Ine ndisanadziwe ndinadutsapo pansi pa waya cha ku Muldersdrift pofuna kudula njira yopita kumtsinje, ndipo ndinakumana ndi agalu atatu ndi mwini famu ali pa njinga yamoto. Ndinapepesa m'zilankhulo zonse zimene ndimadziwa. Safunsa anadya phula. Kulowa m'malo a munthu popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo kwa mlendo m'dziko la eni mlandu waung'ono umakula msanga.

Choncho lowerani pachipata nthawi zonse. Dzulo lake imbani foni kapena onani pa intaneti mtengo wolowera, ola lotsegula ndi lotseka, ndiponso ngati amafuna kulembetseratu. Malo ambiri masiku ano salandira ndalama zapamanja, ndiye pagulu pakhale mmodzi wa khadi la kubanki. Pachipata jambulani mapu ndi foni, lembani maina m'buku ngati lilipo, ndipo funsani mlonda kuti njira imene mwasankha imatenga maola angati. Njira zimakhala ndi zizindikiro, mapazi opentedwa pamiyala kapena timivi tamitundumitundu. Mukayenda mphindi zisanu osaona chizindikiro, bwererani pomwe munachiona komaliza m'malo modula tchire.

Mkati mwa mpanda musathyole kanthu. Ndikudziwa kuti maso athu amaona mankhwala, nkhuni ndi ndiwo paliponse, ndipo nkhanga za kuno zimayenda monyada pafupi ndi miyendo ngati zikudziwa kuti sitingazigwire. Zisiyeni. Kukumba mizu, kuzula maluwa, kutchera misampha ndi kusonkha moto pamalo osaloledwa zonsezi amamanga nazo. Zinyalala zanu, mpaka makoko a nthochi, zibwerere m'chikwama. Anyani mukakumana nawo ku Magaliesberg musawapatse chakudya, bisani jumbo, ndipo musawayang'anitsitse m'maso.

Panjira

Woyenda pang'onopang'ono kuposa onse akhale kutsogolo, wamphamvu atseke kumbuyo. Yambani ndi liwiro loti mukhoza kucheza osadula mawu. Imwani madzi pang'onopang'ono ludzu lisanafike.

Maso akhale pansi. Njoka zambiri zimathawa zikamva mapazi, koma mphiri sithawa, imangogona panjira kudalira khungu lake looneka ngati masamba ouma. Podumpha chipika kapena mwala, pondani kaye pamwamba pake muone kuseri. Musapise dzanja m'ming'alu. Kuno kulinso njoka yotchedwa rinkhals, yakuda yokhala ndi mizere yoyera pakhosi. Imatukumula khosi, imalavula ululu m'maso, ndipo ikapanikizika imagona chagada ngati yafa. Musaitole, musaigwedeze ndi ndodo. Ikakulavulirani, tsukani m'maso ndi madzi ambiri kwa mphindi zingapo, kenako kuchipatala. Wina akalumidwa, musateme pabalapo, musayamwe, musamange chingwe, ndipo za kamwala kakuda ndi mphini muziiwale. Mukhazikeni pansi, muvuleni mphete ndi wotchi thupi lisanatupe, asayendeyende, ndipo imbani 112. Mukatha kuijambula njokayo muli patali zithandiza adokotala, koma musataye nthawi kuisaka.

Thalauza lalitali lija n'la nkhupakupa. Mu udzu wodyamo mbidzi ndi ng'ombe muli tinkhupakupa ting'onoting'ono ngati tsabola wopera. Pisani miyendo ya thalauza m'sokosi, ngakhale muoneke ngati mlonda wa kale. Mukafika kunyumba sambani n'kudzifufuza m'khwapa, m'chiuno, kuseri kwa mawondo ndi m'mphechepeche. Pakatha masiku asanu kapena sabata, mukayamba kumva mutu waukulu, kutentha thupi ndi mwanabere, n'kupeza kachilonda kokhala ndi nkhanambo yakuda pakati, amenewo ndi matenda a nkhupakupa. Ife timathamangira kunena kuti ndi malungo, n'kumwa mankhwala amene wina anabwera nawo pa basi kuchokera kumudzi. Udzudzu wa ku Joni sufalitsa malungo. Pitani kuchipatala mukanene kuti munayenda m'tchire, ndipo ngati munapita kumudzi posachedwa munenenso, akuyezeni zonse ziwiri. Mankhwala ake alipo ndipo amagwira msanga.

Pamadzi

Mwana wa ku Likhubula akaona dziwe malaya amavuka okha. Ine ndinakulira kudumphira pa Dziwe la Nkhalamba, ndiye ndikudziwa kuyabwa kwake. Koma mitsinje yodutsa m'mizinda ya kuno, monga Jukskei ndi Hennops, imanyamula zonyansa za m'masuweji ndi m'mafakitale. Madzi akhoza kuoneka oyera pamathithi koma osayenera kumwa kapena kusamba. Ku Walter Sisulu kusambira n'koletsedwa. Imwani a m'botolo lanu basi. Maiwe osambira ali m'makwawa a ku Magaliesberg, monga ku Mountain Sanctuary Park, kumene madzi amachokera m'phiri momwemo. Ngakhale kumeneko, lowani ndi miyendo kaye muone kuya kwake. Osadumphira chamutu padziwe limene simukulidziwa, ndipo madzi ake ndi ozizira moti amagwira mpweya.

Pamwamba pa mathithi ndi pamene anthu amafera chithunzi. Mwala wonyowa wokhala ndi ndere ndi sopo weniweni. Pamene aika chitsulo chotchinga, imani kuseri kwake. Ana agwireni padzanja.

China chimene tiyenera kuuzana mosabisa ndi madzi osefukira. Joni ndi simenti ndi phula, mvula ikagwa madzi salowa pansi, onse amathamangira mumtsinje nthawi imodzi. Mvula ikhoza kugwa kutali inu muli padzuwa, mtsinje n'kudzadza m'mphindi zochepa. Mu Disembala 2022 anthu oposa 10 a mpingo wina anakokoloka mu Jukskei ali pamwambo wa mapemphero mumtsinje. Ambiri a ife timapita kumitsinje ndi kumapiri kukapemphera, choncho nkhaniyi ndi yathu. Madzi akayamba kusanduka odera, kubwera ndi zinyalala, kapena mukamva mkokomo kumtunda, tulukani nthawi yomweyo mukwere pamtunda. Mtsinje wothamanga wofika m'mawondo musauwoloke. M'makwawa opanikizika musalowemo ngati kumwamba kwada mbali iliyonse.

Potsika ndi pamene mawondo amalira ndipo anthu ambiri amagwa, poti atopa ndipo maganizo ali kale pa nsima. Fupikitsani mapazi, mangitsani zingwe za nsapato kuti zala zisagunde kutsogolo. Mukatuluka pachipata muuzeni uja wa kunyumba kuti mwatuluka. Ndipo za galimoto yobwerera muzikonzeretu m'mawa, chifukwa kumalo akutali netiweki imavuta ndipo Bolt safika msanga.

Miyendo ikazolowera

Mukayenda maulendo anayi kapena asanu a m'tauni, sonkheranani mafuta mutuluke. Suikerbosrand, cha ku Heidelberg, ili ndi njira zazitali za tsiku lonse m'mapiri a udzu. Magaliesberg ali ola limodzi ndi theka kapena kucheperapo kuchokera m'tauni. Miyala yake ndi ya zaka zoposa 2 biliyoni, ndipo UNESCO inalemba derali m'gulu la malo otetezedwa a zachilengedwe mu 2015. Makwawa ena okongola kwambiri kumeneko, monga Tonquani, amafuna chilolezo cha Mountain Club of South Africa, ndiye muyambe mwafunsa.

Ofuna mathithi ambiri osatuluka thukuta apite ku Sabie ndi Graskop ku Mpumalanga pa tchuthi cha masiku atatu. Mathithi a Lisbon, amene ndi mamita 94, Berlin, Mac Mac ndi Lone Creek ali pafupipafupi, ndipo ambiri umangoyenda mphindi zochepa kuchokera poimika galimoto. N'kokongola, koma kumeneko ndi kokaona, si kokakwera.

Ulendo umene ine ndimausungira ndalama chaka chonse ndi wa ku mathithi a Tugela, ku mapiri a Drakensberg. Madzi amagwa mamita 948 m'magawo asanu, ndipo ndi amodzi mwa mathithi aatali kwambiri padziko lonse. Mutenga msewu wa N3 mpaka Harrismith, n'kukhotera ku Phuthaditjhaba, maola anayi kapena kuposerapo, ndipo muwerengere ndalama za pa mageti olipira a mumsewu. Gonani kumeneko, musayese kupita ndi kukwera tsiku lomwelo. Njira imayambira poimika magalimoto pa Sentinel. Msewu wokafika pamenepo ndi woipa kumapeto kwake, koma ku Witsieshoek kuli magalimoto amphamvu onyamula anthu. Kupita ndi kubwera ndi makilomita pafupifupi 12, ndipo tsiku limathera pomwepo.

Lembani maina m'buku la pachipata, ndipo yambani kukangocha, chifukwa mphenzi za kumeneko zimaposa za ku Joni. Njira imakhotakhota m'mbali mwa phiri mpaka mufike pa makwerero a unyolo, awiri otsatizana, opachikidwa pathanthwe loimirira. Kwerani mmodzimmodzi, chikwama chomangitsa, maso pa chitsulo chimene mwagwira, ndipo musasunthe dzanja ndi phazi nthawi imodzi. Amene mutu umazungulira akakwera pamwamba ali ndi njira ina yodzera m'khwawa la miyala, yotopetsa koma yopanda unyolo. Pamwamba pake ndi chidikha cha mamita pafupifupi 3,000, msinkhu umodzi ndi Sapitwa wathu wa mamita 3,002, ndipo malire a Lesotho ali pafupi. Nkhungu ikatsika musayendeyende, poti phompho lili pomwepo ndipo silioneka. Khalani pansi, valani juzi, dikirani.

Mu Julayi mtsinje wa Tugela umachepa kwambiri, nthawi zina umauma kapena kuundana, ndiye wofuna kuona madzi apite mu Malichi kapena Epulo. Ife tinapita mu Epulo. Alamu anga aja, amene anandiseka chifukwa cha befu pa Witpoortjie, anakakamira pakati pa makwerero achiwiri n'kuyamba kuimba nyimbo ya m'buku la ku CCAP, ndime zonse, ndipo anthu asanu ndi mmodzi amene anali pansi anachita kudikira kuti ithe.